Ndege yaulesi ndi injini ya Ababa

Ababa sankaipatsa moto wonse injini yawo. Zaka zonse zimene ndinakwera boti lawo kuno ku Senga Bay, dzanja lawo linkaima pakatikati, ngati pali chinachake chikuletsa chogwirira chija kupota mpaka kumapeto. Inali Yamaha Enduro, ija asodzi amangoti fote. Maboti a anzathu ankatipitirira popita kokaponya chilimira, anyamata akutikuwiza kuti tikafika usipa utagona kale. Ine manyazi. Ndinali ndi zaka 15, msinkhu uja umaganiza kuti dziko lonse likuyang'ana iwe.

"Ababa, onjezerani moto."

"Ukuthamangira kuti? Nyanjayi ithawa?"

Mumtima ndinkati n'kuumira basi, akuopa kugula petulo.

Usiku wina mu Julaye, titapitirira Namalenje kulowera cha ku Maleri, mwera unadzuka osagogoda. Amene munakulira kunyanja mukuudziwa: poyamba nyali zimangovina pang'ono, kenako funde loyamba limakumenya pachifuwa. Siginala anazimitsa nyali, tinakweza mabwato mu boti, ndipo Ababa anapota chogwirira chija mpaka kumapeto. Injini inalira kulira kumene ndinali ndisanakumvepo. Boti linadzutsa mutu, likudula mafunde, ife tikukapa madzi ndi zigubu zodula. Titaponda mchenga, tonse tikunjenjemera, Ababa anasisita chivindikiro cha injini ija n'kundiyang'ana.

"Waimva? Imeneyo ndi imene ndimasunga."

Mawuwa ndinawaiwala kwa zaka zoposa khumi. Anandikumbutsa ndi ndege.

Ndinali ku Joni, ndikugwira ntchito pamalo okonzera matayala, pamene mchemwali wanga anatumiza uthenga wa mawu pa WhatsApp. Unali mwezi wa Juni. "Achimwene, Ababa agwa. Mbali yakumanzere siikugwira. Pakamwa papotoka." Basi ya ku Malawi imadya masiku awiri, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, mpaka Mwanza, ndipo ine masiku awiri ndinalibe. Ndinapempha anzanga a chipereganyu kuti andipatse ndalama nthawi yanga isanakwane, ndinawonjezera ngongole, n'kugula tikiti. Kanali koyamba kukwera ndege.

M'mawa umenewo pa O.R. Tambo kunkazizira koopsa. Ndege, Boeing 737, inakhota n'kuloza msewu wake wothamangiramo. Ine ndinkayembekezera za m'mafilimu, zoti msana umamatirira kumpando. Koma ayi. Inayamba kuthamanga ngati minibasi imene kondakitala akuyang'anabe pasenja wina. Inathamanga, n'kuthamanga, pansi osachoka. Mtima wanga unali kale ku Salima, ndiye ulesi umenewu unandipsetsa mtima. Sindinadziwe kuti ndayankhula mokweza.

"Koma ndegeyi ili bwinobwino? Bwanji sakuipatsa moto?"

Pambali panga panakhala bambo wina wachikulire, wa imvi, atavala jekete ya chikopa. Anaseka, n'kuyankha m'Chichewa.

"Ili bwino, mwana wanga. Angoinamiza kuti kunja kukutentha."

Titakwera m'mwamba anandiuza kuti wagwira ntchito yokonza injini za ndege zaka zambiri ku Joni komweko, ndipo tsopano akupita kumudzi kukapuma. Anatenga kapepala kaja amaika kuseri kwa mpando ka osanza, n'kuyamba kujambulapo ndi bolopeni. Zimene anandiuza ndinadzaziwerenganso pafoni ndili pa benchi ya kuchipatala, usiku umene tulo sitinkabwera. Ndikufotokozereni mmene ndinazimvera.

Injini ya jeti imavutika kwambiri pa kanthawi konyamuka. Mkati mwake mpweya umatentha kupitirira madigiri 1,000, ndipo timasamba tachitsulo timene timazungulira m'motomo timadyeka pang'onopang'ono. Kukonza injini imodzi kumadya mamiliyoni a madola. Ukachepetsako moto pang'ono ponyamuka, kutentha kumatsika, injini n'kukhala zaka zambiri isanapite kogalaja. Ine ndinafunsa ngati nkhani yake ndi yosunga mafuta. Bamboyo anapukusa mutu. Anati mafuta sapulumuka kwenikweni. Chimene akusunga ndi moyo wa injini.

Ndiye ndege ikakhala kuti siinadzaze kwambiri, msewu ndi wautali, nyengo ili bwino, oyendetsa safuna mphamvu zonse. Msewu wautali wa pa O.R. Tambo umapitirira makilomita anayi. Wa pa Kamuzu International Airport ku Lumbadzi nawo umapitirira makilomita atatu. Malo othamangira alipo okwanira. Koma njira zochepetsera moto zilipo ziwiri, ndipo bamboyo anagogoda kapepalako ndi bolopeni: "Anthu amaziphatikiza. Si chinthu chimodzi."

Yoyamba ndi ija yonamiza. A Boeing amaitchula assumed temperature, a Airbus amati flex. Mpweya wotentha ndi wopepuka, ndiye kukatentha kwambiri injini imapereka mphamvu zochepa. Pamalo otsika, kompyuta ya injini imapereka mphamvu zonse mpaka kunja kutafika madigiri 30 kapena cha pomwepo, ndipo kupitirira apo imayamba kuchepetsa yokha kuti injini isapse. Oyendetsa ndege amagwiritsa ntchito khalidwe limeneli. Amawerengera kulemera kwa ndege, kutalika kwa msewu, mphepo, mapiri amene ali kutsogolo, n'kufunsa kuti: kodi kutati kutenthe mpaka pati, ndegeyi ingathebe kunyamuka bwinobwino ngakhale injini imodzi itazima panthawi yoipitsitsa? Tinene kuti yankho ndi madigiri 50. Amalemba 50 mu kompyuta, chonsecho kunja kuli 10. Injini imamvera, n'kupereka mphamvu za tsiku lotentha. Lamulo lakale limati usachepetse kupitirira 25 peresenti, ndiponso usachite zimenezi msewu ukakhala ndi madzi odikha kapena chipale.

Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti mphamvu zonse zikadalipo. Masamu onse a chitetezo anawerengedwa poganizira injini yathunthu. Chinachake chikavuta, woyendetsa akhoza kukankha zogwirira za moto mpaka kutsogolo, kumene amati TOGA, injini n'kupereka zonse zimene ili nazo.

Apa ndinangoti kakasi. Ndinaona dzanja la Ababa pa fote ija, usiku wa mwera.

"Nanga yachiwiri?"

Yachiwiri ndi derate. Apa palibe kunamiza za nyengo. Woyendetsa amauza ndege kuti lero, pa kunyamuka kuno, uli ndi injini yaing'ono. Anandipatsa chitsanzo cha Boeing 737-800 ya injini za CFM56: injini yoti ikhoza kukankha ndi mphamvu ya mapaundi 26,000 amaisankhira kuti igwire ngati ya 24,000 kapena ya 22,000. Chitsulo chake ndi chomwecho, koma masamu onse amasintha. Ndege imawerengedwa ngati ina, yokhala ndi malire atsopano, ndipo malirewo ndi lamulo mpaka itakwera.

Ndinati nanga kusiyana kwake kuli pati, poti konseko moto wachepa. Anandifunsa kwathu. Nditati ku Senga Bay, nkhope yake inawala.

"Ndiye bwato ukulidziwa. Ukamapalasa mbali imodzi yokha, limatani?"

"Limakhota."

"Ukapalasa mwamphamvu kwambiri mbali yomweyo?"

"Limazungulira."

Ndege ya injini ziwiri, imodzi ikazima ili pa liwiro, yotsalayo imakankha mbali imodzi ngati nkhafi ija. Chimene chimaiwongola ndi chiwongolero cha kumchira, ndipo chiwongolerocho chimagwira ntchito pokhapokha mphepo ikamachimenya mokwanira, kutanthauza kuti ndege iyenera kukhala itafika pa liwiro linalake. Injini yotsalayo ikakhala yamphamvu kwambiri, liwiro lofunikalo limakwera. Ikakhala yochepa mphamvu, liwirolo limatsika. Ndiye ukasankha derate, masamu amakulola kugwiritsa ntchito liwiro lotsikirapo, chifukwa wavomera kuti injini yako ndi yaing'ono. N'chifukwa chake derate imaloledwa ngakhale pamsewu wa madzi odikha, ndipo nthawi zina, pamsewu waufupi woterera, ndege imatha kunyamula katundu wochuluka ndi injini yochepetsedwa kusiyana ndi yathunthu. Zomveka ngati zopanda mutu, koma ndi mmene zilili.

Mtengo wake ndi uwu. Injini imodzi ikazima uli pa liwiro lotsika lija, iwe ndi mantha n'kukankha moto wonse pa yotsalayo, chiwongolero sichingathenso kulimbana nayo. Ndege imakhota, n'kuchoka mumsewu. Oyendetsa amaphunzitsidwa kuti pa derate asapitirire malirewo, pokhapokha ataona kuti akukagunda pansi ndithu. Mphamvu zili m'chitsulomo, inde, koma si zako lero.

"Pa flex, moto wausunga m'thumba," anatero bamboyo. "Pa derate, wavomera kuti ulibe. Tsoka limagwera amene wasankha chachiwiri koma mumtima akuganizabe choyamba."

Anawonjezera chinthu china, chakuti njira zonsezi zimadalira kunena zoona pa manambala. Anatchula ndege ya Emirates imene inatsala pang'ono kupha anthu ku Australia. Ndinadzaipeza nkhani yake. Pa 20 Malichi 2009, Airbus A340-500 inkanyamuka ku Melbourne kupita ku Dubai ndi anthu 275. Inkalemera matani 362.9, koma mu kompyuta yowerengera munalembedwa 262.9. Nambala imodzi yokha, matani 100. Kompyuta inawerenga kuti ndege ndi yopepuka, n'kupereka moto wochepa kwambiri. Ndege inathamanga mpaka msewu kutha, mchira ukukhula pansi, n'kuphwanya magetsi a kumapeto. Kaputeni anakankha moto wonse, ndege n'kudzuka. Anataya mafuta m'mwamba, n'kubwerera kukatera. Palibe anafa. Chinawapulumutsa n'chakuti injini zonse zinayi zinali zamoyo ndipo mphamvu zimene anasunga zinalipodi.

Tinatera ku Lumbadzi masana. Bamboyo anandigwira paphewa, anati Mulungu awakhudze bambo ako, n'kulowera kwake. Ngakhale dzina sindinafunse. Kapepala kaja ndili nako mpaka lero, kali mkati mwa pasipoti.

Ababa anatuluka m'chipatala patatha milungu iwiri. Mawu anabwerera, ngakhale amakoka pang'ono. Dzanja lamanzere linkalendewera, mwendo ukukwekwereza. A zolimbitsa mafupa anatiphunzitsa zochita tsiku ndi tsiku: kufinya kampira, kudzuka pampando n'kukhalanso, kuyenda masitepe owerengeka wina atawagwira. Ananenetsa kuti mbali yofookayo izigwiritsidwa ntchito, koma mosathamanga, ndiponso mankhwala a BP asadumphe ngakhale tsiku limodzi. Apa m'pamene Amayi anaulula kuti botolo la mapiritsi linakhala miyezi ili pawindo losatsegula. Aliyense akawafunsa, Ababa ankati ali bwinobwino. Nambala yolakwika mu kompyuta.

Vuto linali lakuti Ababa ankadziona ngati munthu amene wangosunga moto. Moyo wawo wonse anali wotero: wodekha, wosathamanga, koma tsiku la mwera mphamvu zimapezeka. Ndiye ankaganiza kuti ngakhale panopa, akangofuna ndi mtima wonse, thupi limvera. Ndipo ine, ndivomere, ndinkawathandiza kuganiza choncho. Ndinkafuna Ababa anga akale. Ndinkafunanso kubwerera ku Joni msanga, chifukwa ngongole ija inkandidikira ndipo abwana anali atayamba kufunsa. Ndiye ndinkawauza kuti limbani mtima Ababa, inu ndi mwamuna, mwezi wamawa mukhala muli pa boti. Ndinkati ndikuwalimbikitsa. Zoona zake, ndinkakankha zogwirira za moto pofuna kuti ine ndimasuke.

M'mawa wina maboti akubwera, tinamva phokoso kugombe. Alovi athu ankakangana ndi ogula usipa pa mtengo wa chigoba. Ababa anali pakhonde. Ndisanatembenuke n'komwe, anali atadzuka, ndodo ataisiya, akuponda mwamphamvu ndi mwendo wabwinowo kuti akathetse mkanganowo ngati kale. Sitepe yoyamba inatheka. Yachiwiri thupi lonse linakhotera kumanzere. Ndinaona ndi maso anga bwato lopalasidwa mbali imodzi. Anagwera pa thandala loyanikapo nsomba, chipumi n'kung'ambika.

Magazi sanali ambiri. Chimene chinandiwawa ndi nkhope yawo. Sanalire, sanakalipe. Anangoyang'ana mwendo wawo ngati mnzawo amene wawapereka.

Madzulo ake tinakhala awiri pansi pa mtengo, nyali za asodzi zitayamba kuyaka panyanja ngati tauni. Sindinadziwe poyambira. Kwathu mwana sauza bambo ake kuti mphamvu zanu zatha. Ndiye ndinatulutsa kapepala kaja, n'kuyamba kuwafotokozera za ndege, ngati ndikungocheza. Za kunamiza injini kuti kukutentha anaseka, anati azungu aja anaba nzeru zawo. Nditafika pa derate ndi bwato lozungulira, anasiya kuseka. Anakhala chete nthawi yaitali.

"Ndiye ukuti ine ndine ya chiwiriyo."

"Sindinatero, Ababa."

"Watero. Usandinamize ngati injini."

Ndinapepesa. Ndinawauza kuti ine ndi amene ndinalakwa powathamangitsa, ndipo ndinawauza chifukwa chake, za ngongole ndi za ntchito, zimene ndinkabisa. Nanenso ndinali nditalemba nambala yabodza. Anandiyang'ana m'mbali.

"Injini imeneyo, akaichepetsa choncho, ndiye kuti yachepa mpaka kale?"

Funso limeneli yankho lake ndinali nalo, ndipo linali loona. Ayi. Derate imasankhidwa pa kunyamuka kumodzi. Ulendo wotsatira amawerengeranso mwatsopano: katundu wa tsikulo, msewu wa tsikulo, nyengo ya tsikulo. Chimene sichiloledwa ndi kusintha maganizo uli pakati pa msewu, liwiro lisanakwane.

"Ndiye tiziwerenga m'mawa uliwonse," anatero.

Ndi zimene takhala tikuchita. M'mawa uliwonse, asanamwe tiyi, amameza piritsi Amayi akuona. Kenako timagwirizana nambala ya masitepe a tsikulo, ndipo nambalayo ikakwana amakhala pansi, ngakhale atamva kuti akhoza kupitiriza, ngakhale kugombe kutabuka mkangano wotani. Mlungu woyamba anali masitepe 12, kuchoka pakhonde kufika pa mtondo wa Amayi. Tsiku lina amadzuka mwendo uli wolemera, nambala timaitsitsa, ndipo palibe amene amaona ngati walephera. Pano akufika pamtengo wa kugombe, masitepe 140, ndi ndodo. Dzanja layamba kugwira kapu. Kaya lidzagwiranso chogwirira cha injini, sitikambirana zimenezo.

Ku Joni sindinabwerere. Ntchito ija anapatsa wina, ndipo ngongole ndikubweza pang'onopang'ono ndi ndalama za usipa, anzanga a chipereganyu akundipirira kuposa mmene ndinkayembekezera. Masiku ena zimandiwawa, makamaka ndikaona zithunzi za anzanga pa Facebook atavala majekete atsopano. Ndili ndi zaka 28, ndipo anthu a msinkhu wathu timauzidwa kuti tizithamanga ndi moto wonse tsiku lililonse, kuti wogona ndi waulesi. Ine ndinaona ndege ya anthu oposa 100 ikunyamuka mwaulesi dala, ndipo inafika. Koma sindikufuna kunama kuti ndapeza mtendere wonse. Sindikudziwa ngati zaka zimenezi ndikusunga moto m'thumba kapena ndavomera malire. Mwina ndidzadziwa tsiku la mwera.

Boti likuyendabe. Ine ndimaona za kugombe, kugulitsa ndi kuyanika, ndipo pa injini pamakhala msuweni wanga, mnyamata wa zaka 19 wa magazi otentha. Dzulo madzulo ankanyamuka, Ababa ali pamtengo wawo uja, ndodo ili pamiyendo. Boti litangochoka pamchenga, fote ija inakuwa mpaka mbalame za pa Namalenje ziyenera kuti zinamva. Nyanja inali bata, yosalala ngati mbale.

Ababa anatseka maso, akumvetsera. Kenako anandikodola ndi dzanja lamanzere lija, pang'onopang'ono, zala zikunjenjemera.

"Muimbire foni ameneyo. Umuuze achepetse moto. Nyanjayi siithawa."